Musanagule njinga yamoto yopitira ku ntchito

Ambiri amene akufuna njinga yamoto masiku ano si kuti ankailota kuyambira ali ana. Angotopa basi. Atopa ndi kukhala m'minibasi ikudikira kudzaza pamene nthawi yolowera ntchito ikukwana, atopa ndi mtengo umene umakwera mafuta akangosowa, atopanso ndi kupatsa wakabaza ndalama m'mawa ndi madzulo. Akakhala pansi n'kuwerengera zimene amawononga pa ulendo wa tsiku ndi tsiku, maganizo ogula njinga yawoyawo amabwera okha. Maganizowo ndi abwino. Chimene chimasokoneza n'chakuti munthu amafika pogulitsira njinga n'kufunsa kuti, "Yamphamvu kwambiri ndi iti?" Wogulitsa amamuonetsa yaikulu, yonyezimira, ya nyali zambiri, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Njinga yopitira ku ntchito sasankha choncho. Yambani ndi msewu umene muzidutsa.

Uyendeni msewuwo m'maganizo kuchokera pakhomo panu mpaka pageti la kuntchito, ndipo muuganizire mmene umakhalira mu January, osati mu August. Munthu wokhala ku Area 25 amene amagwira ntchito ku Kanengo ali ndi msewu wosiyana ndi wa munthu wotsika ku Bangwe kupita ku Limbe, kapena mphunzitsi amene amachoka pa boma n'kuyenda makilomita 15 m'msewu wafumbi kukafika kusukulu. Woyambayo akufuna njinga yosamwa mafuta komanso yopepuka poima ndi ponyamuka pafupipafupi. Wa ku Blantyre aganizire za zitunda ndi mabuleki. Mphunzitsi uja aganizire za matope, mchenga ndi kutalika kwa njinga kuchoka pansi, chifukwa injini ikamakhula miyala ndi zitsa ndiye kuti tsiku lina idzang'ambika oyilo n'kutayikira panjira. Dzifunseninso ngati muzinyamula munthu, kaya mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wa sukulu, komanso ngati Loweruka muzimangirira thumba la chimanga lopita kuchigayo. Mukayankha zimenezi moona mtima, njinga zambiri zimene munkazisirira zidzichotsa zokha pamndandanda.

Kukula kwa injini amakuyeza ndi manambala a cc amene amalembedwa m'mbali mwa njinga. Kwa munthu woyamba kumene, woyenda makilomita 10 kapena 20 kupita ndi ena otero pobwera, malo abwino ndi pakati pa 100cc ndi 150cc. Ya 100cc imamwa mafuta pang'ono kwambiri ndipo m'tauni mopanda zitunda imakwanira, koma mukakweza munthu wonenepa pa chitunda imalira. Ya 125cc ndiye yapakatikati, ndipo ine ndikafunsidwa ndimanena imeneyi. Ya 150cc imathandiza amene amanyamula katundu kapena kudutsa mumsewu wa M1, mmene mumafunika kamphamvu kowonjezera lole ikakhala kumbuyo kwanu. Kupitirira apo, 200cc kapena 250cc, ndi kugula kulemera ndi liwiro zimene simunaphunzire kuziweta. Njinga yolemera imavuta kwambiri poyenda pang'onopang'ono, pokhota pa malo opanikizika ndi pa matope, ndipo m'malo amenewa ndi mmene woyamba kumene amagwera. Palinso nkhani ya laisensi: gulu la A1 ndi la njinga zosapitirira 125cc, pamene zoposa pamenepo zimafuna gulu la A. Laisensi ya galimoto, ya gulu B, sikupatsani chilolezo choyendetsa njinga yamoto, ngakhale mwakhala mukuyendetsa galimoto zaka 20.

Kenako thupi lanu. Khalani panjingapo. Musachite manyazi ndi anyamata ogulitsa, khalanipo ndithu, muichotse pa sitandi, muone ngati mapazi onse awiri akuponda pansi bwinobwino. Ngati mukuchita kunyang'ama ndi zala zakuphazi, tsiku limene mudzaime pamalo otsetsereka kapena phazi likadzaponda m'dzenje mudzagwa nayo. Itsikeni, muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo, muiimike pa sitandi yapakati nokha. Njinga za mtundu umenewu zimalemera makilogalamu oposa 100, ndipo tsiku lina mafuta adzakutherani kapena tayala lidzaphwa, mudzaikankha. Finyani klatchi kangapo. Ikakhala yolimba moti dzanja likuwawa mutangofinya kakhumi, ganizirani mmene zidzakhalire pa mzere wa magalimoto wa 5 koloko madzulo.

Funsaninso mmene magiya ake amalowera, poti si njinga zonse zimafanana. Zina giya yoyamba mumaponda pansi, otsalawo mumakweza m'mwamba. Zina onse mumaponda pansi. Ndiye pali zina, makamaka mwa zochokera ku China, zimene magiya ake amazungulira: mukafika pa giya yomaliza n'kupondanso, imabwerera ku nyutulo, mukapondanso yalowa giya yoyamba muli pa liwiro. Wozolowera sadandaula nazo, koma wophunzira akhoza kudzidzimuka tayala lakumbuyo litagwira mwadzidzidzi. Dziwani zimenezi musanachoke nayo pamalo ogulitsira.

Tsopano za mitundu, zimene anthu amakangana mpaka dzuwa kulowa. Safunsa anadya phula, choncho pitani pa siteji ya akabaza ya kwanuko muone zimene akuyendetsa, mucheze nawo. Anthu amenewa amayenda tsiku lonse, ndipo njinga yovuta masipeya saisunga. Mupeza Lifo, Kinglion, SanLG, Boxer ya kampani ya Bajaj, ndi TVS. Za ku China zija n'zotsikirapo mtengo ndipo masipeya ake amapezeka ngakhale pa msika waung'ono wa kumudzi. Zambiri mwa izo injini zake anatengera ya Honda CG125, njinga imene Honda inatulutsa mu 1975 itaona kuti m'mayiko osauka anthu amayendetsa njinga mpaka kufa osaipititsa ku sevisi. Ndi injini yosavuta kumvetsa, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo anaimasulapo kambirimbiri. Kufooka kwa njinga zimenezi kumakhala m'tinthu ting'onoting'ono: mabawuti omasuka okha, mawaya a magetsi, mapulasitiki osweka msanga, dzimbiri. Za ku India, Boxer ndi TVS, n'zokwererapo mtengo koma zimapirira ndipo sizimwa mafuta kwambiri. Za ku Japan, monga Yamaha ndi Honda zimene mabungwe ndi alangizi a zaulimi amayendera, n'zolimba zedi, koma sipeya yake yeniyeni mtengo wake umaluma, ndipo nthawi zina mumachita kuitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Mlangizi wanu wamkulu pa nkhaniyi akhale makaniko amene ali pafupi ndi kwanu. Mufunseni kuti, "Ndi njinga iti imene mukhoza kundikonzera lero lomwe, sipeya n'kuipeza pompano?" Imene atchuleyo ndi yofunika kuiganizira kwambiri kuposa imene mnzanu wa ku Johannesburg akukutumizirani zithunzi pa WhatsApp. Njinga yopitira ku ntchito ikakhala sabata ziwiri kudikira kachitsulo kochokera kunja, inu mwabwerera ku minibasi, ngongole ya njingayo mukubwezabe. Kumbukiraninso kuti masipeya onse amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya matayala, tcheni ndi mabatire inakwera nthawi yomweyo, ndipo mwini njinga yosowa masipeya ndi amene analira kwambiri.

Pali njinga imodzi imene imakopa anthu ambiri ikamagulitsidwa yakale, Yamaha DT 125. Ndi yolimba pa msewu woipa, koma injini yake ndi ya mtundu wa two-stroke, yotentha oyilo pamodzi ndi petulo. Imafuna oyilo wa 2T nthawi zonse, imamwa mafuta kuposa anzake a msinkhu womwewo, ndiponso ndi yaitali. Mukaiwala oyiloyo injini imagwira. Kwa woyenda pa tala tsiku lililonse, injini ya four-stroke, imene ili m'njinga zambiri za akabaza, ndi yosavuta kusamala. Sikuta nayo ili ndi ubwino wake: ilibe klatchi ndi magiya osintha, imateteza miyendo ku matope, ndipo mayi wovala siketi kapena chitenje amakhalapo bwino. Koma matayala ake ndi aang'ono, amalowa m'dzenje lililonse, ndipo amakaniko odziwa lamba wake ndi ochepa kunja kwa mizinda. Ngati msewu wanu ndi wa tala kuchokera pakhomo mpaka ku ofesi, iganizireni. Ngati si choncho, isiyeni.

Yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito? Ngati thumba likulola, woyamba kumene agule yatsopano ya mtundu wofala. Simunadziwe kumva injini ikamadwala, ndiye ndi bwino kuyamba ndi yopanda matenda obisika. Koma ambiri thumba silitilola, choncho tiyeni tikhalitse pang'ono pa yakale, chifukwa apa ndi pamene anthu amaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Musapite nokha. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsayo, ndipo mumulipire tsiku lake. Panganani kuti mukaione m'mawa, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda ndiye kuti aiyatsiratu kuti musaone mmene imavutira kulira ikazizira. Iyatseni ndi kiki, kenako ndi sitata. Imani kumbuyo muone utsi: utsi wobiriwira ngati mtambo pa injini ya four-stroke ukutanthauza kuti ikudya oyilo, ndipo posachedwa mugula maring'i kapena pisitoni. Tsegulani poikira oyilo muone ngati alimo wokwanira komanso ngati si wakuda bii wokhala ndi tizitsulo tonyezimira. Injini yotsukidwa mpaka kuwala pa njinga yakale nayo ikuchenjezeni, poti kawirikawiri amatsuka kuti abise podontha.

Gwadani muone tcheni ndi mano a sipuloketi. Mano abwino amakhala ophwatalala kunsonga, otha amakhala osongoka ndi opindikira mbali imodzi. Kokani tcheni kumbuyo kwa sipuloketi: ikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, yatha, ndipo tcheni imasinthidwa pamodzi ndi masipuloketi onse awiri. Onani mashoko akutsogolo ngati akutuluka oyilo. Imikani njinga pa sitandi yapakati, zunguzani matayala muone ngati akuyenda mowongoka, gogodani masipoko mumve ngati ena ali omasuka. Kenako yang'anitsitsani felemu, makamaka pakhosi pamene pamalumikizana handulo ndi pansi pa kaliyala. Mukaona powotcherera kapena penti watsopano pamalo amodzi okha, njingayo inachitapo ngozi kapena inathyoka ndi katundu. Imeneyo isiyeni ngakhale atsitse mtengo bwanji. Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa, moti 2322 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Tayala lokalamba limauma n'kuchita ming'alu, ndipo pa tala wonyowa limaterereka ngakhale mizere yake ikuoneka.

Manambala a makilomita pa wotchi musawakhulupirire, poti chingwe chake ambiri amachidula. Onani mphira wa popondera mapazi, wa pa kiki ndi mmene chishalo chafwifwira. Njinga imene inali pa kabaza ili ngati ng'ombe yapangolo: zaka zikhoza kukhala ziwiri zokha, koma ntchito imene yagwira ndi ya moyo wonse.

Njinga ikakhoza mayeso onsewa, nkhani yatsala ndi ya mapepala, ndipo apa musamve chisoni ndi munthu. Njinga zambiri zimalowa m'dziko muno kudzera njira zachidule za m'malire a Mozambique ndi Tanzania, zosalipira msonkho ku MRA, ndipo zina n'zakuba. Yotere imatsika mtengo mokoma, koma simungailembetse mosavuta ku Road Traffic, ndipo tsiku limene apolisi adzachite chipikisheni mudzaisiya pa lodibuloko n'kupitiriza wapansi. Ikapezeka kuti ndi yakuba, mlandu wopezeka ndi katundu wakuba ndi wanu. Pemphani bulu buku, muwerenge nambala ya injini ndi ya chasisi zimene zalembedwamo, kenako muzipeze panjingapo ndi maso anu: ya chasisi imakhala pakhosi pa felemu, ya injini imakhala m'munsi mwa injini chakumanzere. Zifanane chilembo ndi chilembo. Pakaoneka popalidwa kapena podindidwanso, tsanzikani. Dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Mawu akuti "mapepala ali ndi achimwene, tikupatsani mawa" amveni ngati kuti akuti mapepala kulibe. Lemberanani kalata yogulitsana pamaso pa mboni, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe mukamasintha umwini ku Road Traffic. Ngati ndi yatsopano ya m'sitolo, tengani lisiti ndi mapepala a msonkho, ndipo mufunsiretu ngati mtengowo ukuphatikizapo kulembetsa ndi nambala.

Mtengo wa njinga si mtengo wa kuyamba kuyenda. Pamwamba pake pali kulembetsa, COF, inshulansi imene lamulo limafuna kuti galimoto kapena njinga yamoto iliyonse ikhale nayo yoteteza anthu ena amene mungawapweteke, laisensi, chisoti ndi loko. Ziwerengereni zonsezi musanapite kokagula, ndipo ndalama yotsalayo ndiyo ikuuzeni njinga imene mungakwanitse. Ngati mukubwereka, ya banki mkhonde kapena ya ku SACCO ya kuntchito ili bwino kuposa katapila, chifukwa njinga yanu sizibweretsa ndalama tsiku ndi tsiku ngati ya kabaza, izingopulumutsa ya thiransipoti.

Chisoti ndi chimene anthu amaumirirapo ndalama, ndipo n'zomvetsa chisoni. Bungwe la WHO linanenapo kuti chisoti chabwino, chovalidwa bwino, chimachepetsa imfa pa ngozi ndi pafupifupi 40 peresenti ndi kuvulala koopsa kwa mutu ndi pafupifupi 70 peresenti. Chimene amaperekera pamodzi ndi njinga nthawi zambiri ndi chigoba chabe, ndipo chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba si chisoti cha njinga. Funani chophimba mutu wonse mpaka chibwano, chokhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT, chokhala ndi thovu lolimba lochindikala m'kati. Chivaleni, mangani lamba, pukusani mutu. Chikamagwedera ndi chachikulu. Chisoti chosamanga lamba chimavuka munthu asanafike pansi. Chakale cha pa kaunjika n'chokayikitsa, chifukwa chikamenyetsedwa kamodzi mphamvu yake imatha ngakhale kunja kukuoneka bwino. Ngati muzinyamula munthu, zisoti zikhale ziwiri. Onjezani nsapato zotseka, jekete yochindikala, magolovesi ndi chovala chowala usiku. Amayi, kaya mukuyendetsa kaya mwakwezedwa, pindirani chitenje ndi mpango m'kati, poti nsonga yolendewera ikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko imakokera munthu pansi nthawi yomweyo.

Za mafuta werengerani motere. Njinga ya 125cc yosamalidwa bwino imayenda makilomita cha m'ma 40 pa lita imodzi. Ngati kuntchito ndi makilomita 12, kupita ndi kubwera ndi 24, masiku 22 pa mwezi ndi makilomita 528, ndiye kuti malita 13 kapena 14. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo umene MERA yalengeza, muwonjezere ya oyilo ndi kangachepe kosungira matayala ndi tcheni, kenako muyerekeze ndi zimene mumapereka m'minibasi. Thanki ya malita 10 kapena kuposerapo ndi dalitso mafuta akasowa, chifukwa mukaidzaza kamodzi mumayenda sabata ziwiri osaima pa mzere. Petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu mupeweni mmene mungathere, poti ena amathiramo palafini kapena madzi. Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Njinga zimayenda naye bwinobwino, kungoti amakoka chinyezi, choncho njinga ikakhala milungu yambiri osayenda thanki imachita dzimbiri ndipo kabuleta imatsekeka.

Kusamala njinga zazing'onozi sikufuna sukulu. Zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi, ndipo m'fumbi lathuli musinthe pa makilomita 1,500 kapena 2,000 alionse. Yatsopano isinthidwe msanga, ikangoyenda makilomita 500 oyamba. Gulani oyilo wa njinga wolembedwa 4T, chifukwa klatchi imakhala m'oyilo momwemo ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka. Tcheni izikhala ndi kampata ka masentimita awiri kapena atatu mukaikankha pakati, ndipo muziithira oyilo sabata iliyonse, makamaka nthawi ya dzinja. Fyuluta ya mpweya muziitsuka kapena kuisintha. Mabawuti muziwapima ndi sipanala Loweruka lililonse.

Ganiziraninso kumene izigona. Njinga zamoto zimabedwa kwambiri, ndipo loko wa pa handulo yekha akuba amamuthyola ndi mwendo. Ngati mulibe mpanda, yezani chitseko cha nyumba muone ngati ingalowe, ndipo ngati pakhomo pali masitepe konzani thabwa lokwezera. Kuntchito funsani ngati pali malo amene alonda amaona, ndipo mugule tcheni chochindikala chomangirira ku chitsulo.

Njinga ikafika pakhomo, chilakolako chimakhala chakuti mawa lomwe anthu akuoneni nayo ku ntchito. Dikirani. Pezani laisensi ya wophunzira, pezani sukulu yoyendetsa kapena munthu wodekha wodziwa njinga, mupite pa bwalo la mpira. Phunzirani kunyamuka osazimitsa, kuyenda pang'onopang'ono mapazi ali m'mwamba, kukhota mozungulira miyala, ndiponso kuima mwadzidzidzi. Ambiri amene anaphunzira kwa anzawo amaopa buleki yakutsogolo, amati imagwetsa, ndiye amangoponda yakumbuyo. Zoona zake n'zakuti mphamvu yambiri yoimitsa njinga, cha m'ma 70 peresenti, ili kutsogolo. Chogwetsa ndi kuifinya mwankhanza, makamaka pa mchenga kapena mukukhota. Phunzirani kugwira zonse ziwiri pamodzi, mofatsa poyamba kenako mwamphamvu. Mumsewu, nyali ikhale yoyaka ngakhale masana. Musadutse kumanzere kwa minibasi, chifukwa imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, ndipo musayende m'mbali mwa lole pamene woyendetsa sakukuonani pa galasi. Mvula yoyamba ikagwa tala amaterera kwambiri chifukwa cha mafuta ndi fumbi zimene zaunjikana chilimwe chonse.

Lamlungu m'mawa, magalimoto asanachuluke, yendani msewu wanu wa ku ntchito kawiri kapena katatu, mudziwe pamene pali maenje, mchenga ndi mabampu. Lolemba loyamba nyamukani kutatsala theka la ola kuti nthawi yanu ya masiku onse ikwane, ndipo musakweze munthu aliyense, ngakhale wa kunyumba kwanu, mpaka mwezi utatha.